Kabowo ka Kumsana ndi Mapazi a Akulu Anga

Ndinagulitsa salaula, zovala zakale za m'mabelo, pamsika wa ku Chawama mu Lusaka zaka khumi ndi zinayi ndisanadziwe kuti impso zimakhala chakumsana. Ndinkaganiza kuti zili kutsogolo, pafupi ndi mchombo, pamodzi ndi zina zonse. Palibe amene anandiuzapo, ndipo inenso sindinafunsepo.

Pamsika ndinaphunzira kusamwa madzi. Chimbudzi chinali kutali, kuseri kwa ogulitsa makala, ndipo ukangochoka patebulo lako pang'ono, pobwera unkapeza siketi imodzi itapita kokayenda. Choncho ndinkamwa tiyi kapu imodzi m'mawa, basi, mpaka dzuwa kulowa. Amayi ambiri a pamzere wathu ankachita chimodzimodzi, ndipo tinkanyadira. Mayi wogulitsa nsapato, amene tebulo lake linali loyandikana ndi langa, ankati chikhodzodzo chake chimamvera kuposa ana ake.

Ululu unayamba tsiku lina lotentha la mu Okutobala, ndikutsegula belo la madiresi. Unandigwira pansi pa nthiti kumanzere, chakumsana, n'kutsetsereka mpaka m'chinena. Ndabereka ana anayi, ndiye ululu ndimaudziwa. Koma pobereka pamakhala kupuma, ndipo pamapeto amakupatsa mwana. Uwu sunkapuma ndipo sunkalonjeza chilichonse. Ndinagwada n'kutsamira belo lija, ndikusanza. Kasitomala wina amene anali atanyamula diresi lofiira anadikira mwaulemu mpaka nditamaliza, kenako anandifunsa ngati ndili nalo la buluu.

Ku kiliniki ya m'komboni anati mwina ndi matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo anandipatsa mapiritsi. Ululu unapita. Patatha milungu itatu unabweranso. Zinayenda choncho nyengo yonse ya mvula, ukupita, ukubwera, ndipo masiku ena mkodzo unkatuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Malangizo sankasowa. Wina anati ndimwe madzi a masamba a mapeyala, wina anati ndiyang'anitsitse amene akugulitsa madiresi ngati anga kumzere wachiwiri. Ndinamuyang'anitsitsa mayiyo mlungu wathunthu, koma sindinaone chilichonse kupatula kuti mabelo ake anali abwino kuposa anga.

Potsiriza anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu cha m'tauni, kumene anandijambula m'mimba. Ndinapita ndi amuna anga. Iwo ndi owotcherera zitsulo, amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu. Anabadwira ku Matero, ndipo amayi awo anali Abemba. Dokotala amene tinamupeza anali mtsikana, msinkhu wa mwana wathu woyamba. Anatembenuza pepala n'kujambula chinthu chooneka ngati nyemba yaikulu, mkati mwake n'kuikamo kadontho.

"Ba mayi, iyi ni impso yanu ya kumanzere," anatero. "Aka ni mwala. Wakula monga dzira la nkhunda. Sungachoke weka."

"Mwala unalowa bwanji?" ndinafunsa.

"Sunalowe. Unapangikira mwamene umo. Mumamwa madzi angati pa tsiku?"

Ndinamuuza. Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

Kenako anafotokoza kuti sadzang'amba mimba. Adzaboola kabowo kamodzi kumsana, kakang'ono ngati chikhadabo, n'kulowetsamo kachubu kokhala ndi kamera. Akauona mwalawo adzauphwanya, n'kutulutsa zidutswazo kudzera m'kachubu komweko.

"Muzauphwanya na chani?" anafunsa amuna anga.

"Na leza."

"Ameni," anatero amuna anga, ataweramitsa mutu. Anaganiza kuti dokotala watchula Mulungu, poti kwa amayi awo dzina lake limamveka chimodzimodzi.

Dokotala anafotokoza kuti leza imeneyi ndi kuwala kwamphamvu kodutsa m'kawaya kowonda ngati ulusi. Amuna anga anadzuka m'maso. Anafunsa ngati imathetheka, ngati amavala magalasi akuda, ndiponso ngati magetsi akazima pakati pa ntchito amatani. Dokotala anayankha zonse. Potuluka amuna anga anandiuza kuti mtsikanayo ntchito yake akuidziwa.

Tsiku anandipatsa la kutali, kuchiyambi kwa Okutobala wotsatira, chifukwa odikira anali ambiri. Pa miyezi yodikirayo ndinauza akulu anga pafoni.

Akulu anga amandiposa ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi athu atamwalira ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndi iwo amene anandilera kumudzi kwathu ku Katete, kumene akukhalabe ndipo amalima chimanga ndi nshawa. Kalekale anawachita opaleshoni yochotsa chotupa m'chiberekero. Anawang'amba kuyambira pamchombo mpaka pansi, ndipo anagona miyezi iwiri osatha kunyamula ngakhale ndowa. Ine panthawiyo ndinali ndi mwana wakhanda, sindinapite kukawadwazika. Sananenepo kanthu za zimenezo, kupatula pa Khirisimasi iliyonse.

"Opaleshoni?" anatero pafoni. "Ndikubwera."

"Asisi, akuti ndi yaing'ono. Aboola chabe kabowo."

"Amatero kuti usathawe. Ineyo anandiuza kuti ndingomva ngati kuluma kwa nyerere."

Anafika kutatsala masiku awiri. Amuna anga anakawatenga kusiteshoni ya mabasi, ndipo anabwera ndi wilibala yaganyu. Munali nkhuku ziwiri zamoyo, thumba la nshawa, mfutso, beseni, zitenje zitatu zomangira pamimba, ndi ndodo yoyendera imene anaisema okha kuti ndiziyendera ndikatuluka m'chipatala. Akulu angawo anali atavala patapata, nsapato zawo za kutchalitchi atazinyamula m'pepala la pulasitiki. Mapazi awo anali otupa. Anati ndi basi, kukhala tsiku lonse miyendo ili lende.

Tsiku lomwelo anakonza nyumba. Bedi analisunthira pafupi ndi khomo, amuna anga anawasamutsira pabalaza, ndipo ana athu awiri amene anali adakali pakhomo anauzidwa kuti kuyambira pamenepo aziseka panja.

"Alamu," anauza amuna anga, "miyezi iwiri imeneyi muzidya zimene ndaphika ine. Uyu sagwira mthiko."

"Zikomo, mulamu," anatero amuna anga, amene ankawaopa kuyambira tsiku la ukwati wathu.

M'mawa wa opaleshoni akulu anga anapemphera pambali pa bedi la m'chipatala. Pempherolo linali lalitali, ndipo chapakati pake linalongosola mmene ana anga adzagawidwire kwa abale ngati zinthu sizidzayenda bwino. Odwala a mabedi oyandikana anavomereza ndi ameni.

M'chipinda cha opaleshoni munali mozizira. Bambo wogonetsa anthu anandifunsa ntchito imene ndimagwira, ndipo nditati salaula, anafunsa ngati ndimakhala ndi majekete a amuna. Ndinayamba kumuuza kuti majekete amabwera mwezi wa Meyi. Sindikudziwa ngati ndinamaliza.

Nditadzuka ndinali m'wodi, pakamwa pouma, kumsana kukupweteka ngati wina wandimenya ndi chigongono. Kachubu kamodzi kankachokera kumsana, kena pansi, ndipo timachubu tonse tiwiri tinkathira m'timatumba topachika pabedi. Akulu anga anali ataimirira pamutu panga. Anadikira mpaka nditatsegula maso bwinobwino, kenako anakweza bulangeti n'kuyang'ana pamimba panga. Anayang'ana kwa nthawi yaitali. Anatsitsa bulangeti n'kupita kwa nesi.

"Pepani, anesi. Mng'ono wangayu sanamuchite. Angomugoneka."

Nesi anabwera, ananditembenuza pang'ono, n'kuwaonetsa pulasitala kumsana kumene kunkatulukira kachubu. Anawapatsanso kabotolo kamene kanali pakabati. M'menemo munali tizidutswa tachikasu ngati zinyenyeswa za njerwa. Akulu anga anakagwedeza pafupi ndi khutu.

"Ndi zimenezi zokha?"

"Ni vamene ivo, ba mayi."

"Chaka chonse kubuula chifukwa cha timeneti?"

Machubu akunja anawachotsa, ndipo tsiku lachitatu ananditulutsa. Dokotala uja anandiuza kuti wasiya kachubu kena kofewa mkati, kochokera mu impso kufika m'chikhodzodzo, kuti mkodzo uziyenda bwino pamene mkati mukupola. Ananena katatu kuti ndibwere pakatha milungu inayi kuti adzakachotse. Anati pali ena amene akamva bwino sabweranso, ndipo amadzabwera patatha chaka kachubuko katakutidwa ndi miyala. Analemba tsikulo pakhadi, n'kulilembanso padzanja la amuna anga.

Ndinayenda ndekha mpaka pokwerera basi. Akulu anga anandipatsa ndodo ija, ndinayenda nayo pang'ono, kenako ndinawapatsa kuti andigwirire ndikumanga chitenje. Sanandibwezere. Anayendera iwo mpaka kunyumba.

Kunyumba kunalibe wodwala woti n'kumudwazika. Kumsana kunkanyong'onya, ndipo kachubu ka mkati kankandipititsa kuchimbudzi pafupipafupi, koma ndinkadya, ndinkayenda, ndinkasamba ndekha. Zitenje zomangira pamimba zinakhala zopindidwa pampando. Akulu anga anapha nkhuku yoyamba, n'kundikhalira pambali mpaka nditamaliza msuzi. Anandiletsa kusesa, kutsuka mbale ndi kuwerama. Ndinkasesa iwo akagona masana. Ankagona masana tsiku lililonse, zomwe kumudzi sindinawaonepo akuchita, koma ndinkangothokoza kuti ndapeza mpata wosesa.

Lachinayi lina kunabwera amayi a kumpingo, asanu ndi mmodzi, atavala yunifomu, ndi shuga ndi sopo. Tinaimba, tinapemphera, kenako mtsogoleri wawo anatsokomola n'kunena kuti ngati sizovuta, akanakonda kuona pamene Mulungu anagwira ntchito. Ndinatembenuka n'kukweza bulauzi. Anayandikira onse. Mmodzi anapempha magalasi a mnzake.

"Ni apa?"

"Pomwepo."

"Monga chipsera cha katemera," anatero wina, ndipo ndinamva kuti mawu ake akuganizira za shuga amene anabweretsa.

Akulu anga anaona kuti nyumba yathu ikuchita manyazi. Anaimirira, anamasula chitenje, n'kutsitsa pang'ono siketi yawo. Chipsera chawo chinali chachitali, chokhuthala, chokhala ndi timizere m'mbali ngati msoko wa thumba la chimanga.

"Opaleshoni ndi iyi," anatero.

Amayi aja anafuula monga mmene ziyenera kukhalira. Anafunsa kuti anasoka kangati, anagona masiku angati, ndani anawadwazika. Funso lomalizali akulu anga analiyankha akundiyang'ana. Alendo anapita okhutira.

M'milungu imeneyo ndinaona zinthu zingapo. Mapazi a akulu anga sanaphwe. M'mawa nkhope yawo inkakhala yotupa, makamaka m'zikope, ndipo inkayamba kubwerera chakumasana. Tsiku lililonse ankagula mapiritsi a mutu pakantemba ka pafupi ndi nyumba, n'kumwa awiri m'mawa, awiri madzulo. Ndiwo zawo zinkakhala ndi mchere woti amuna anga ankadya akugwetsa misozi, uku akuyamikira. Ndinakumbukira kuti zaka zingapo m'mbuyomo anandiuzapo kuti kuchipatala cha kwathu anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi.

"Asisi, mankhwala a bipi aja mukumwabe?"

"Ndinamaliza botolo lonse. Ndinachira."

"Nanga mapaziwa?"

"Wodwala m'nyumba muno ndi iwe. Gona."

Ndinagona. Ndinali mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, wa ana anayi ndi mdzukulu mmodzi, koma munthu amene anakupukutapo mamina sumubwereza funso. Chimenechi chimandivutabe. Ndinaona zonse ndi maso anga kwa milungu inayi, ine amene ndinali nditangophunzira kumene za impso, ndipo ndinasiya chifukwa anandikwezera mawu kamodzi.

Tsiku lochotsa kachubu litafika, akulu anga anaumirira kundiperekeza. Anali otsimikiza kuti lero ndiye andin'gamba, kuti tsiku loyamba lija ankangoyesa. Ananyamula chitenje chimodzi chomangira pamimba m'chikwama.

Ntchitoyo inatenga nthawi yochepa kuposa kuphika tiyi pambaula. Analowetsa kakamera kudzera m'njira ya mkodzo, anakagwira kachubu kaja n'kukakoka. Kunawawa pang'ono, ndipo manyazi anaposa ululu. Anandionetsa kachubuko, kowonda, kopindika nsonga zonse ziwiri ngati mchira wa nkhumba, n'kundiuza kuti ndivale.

Nditatuluka ndinapeza akulu anga atakhala pabenchi m'khonde, atavula patapata, miyendo atatambasula. Patsogolo pawo panali nesi wachikulire wonenepa, mafayilo ali m'khwapa. Ankadutsa chabe, koma anaima. Anawerama n'kudinikiza chala chachikulu pamwendo wa akulu anga, pamwamba pa kakolo. Atachotsa chala, panatsala dzenje. Tonse atatu tinaliyang'ana dzenjelo. Silinabwerere.

"Ba mayi, ivi vinayamba liti?"

"Ndi basi. Ndachokera ku Katete."

"Munabwera liti?"

"Mwezi watha."

"Basi yamene iyo ikali kuyenda?"

Nesi anawalowetsa m'kachipinda n'kuwamanga chopimira pamkono. Atawerenga, anachimasula n'kuchimanga pamkono wina. Kenako anatuluka, n'kubwera ndi chopimira china. Atawerenganso anakoka mpando, anakhala pansi, n'kufunsa ngati mutu umawawa, ngati maso amachita chifunga, ngati mkodzo umachita thovu. Akulu anga anavomera zonse zitatu, chilichonse ndi chifukwa chake. Mutu unali wa phokoso la Lusaka, maso anali a fumbi, thovu linali la sopo wa m'chimbudzi chathu.

"Lero simuyenda kunyumba," anatero nesi.

"Ine ndabwera kudzaperekeza."

"Mwaperekeza bwino. Manje khalani."

Anawatenga magazi ndi mkodzo, ndipo madzulo asanafike anali pabedi m'wodi ya amayi, m'nyumba ina ya chipatala chomwecho. Ndinabwerera ku Chawama kukatenga zofunda ndi beseni limene anabweretsa lija. Amuna anga atandiona ndikulowa ndekha anayang'ana kumbuyo kwanga, kenako anandifunsa ngati madokotala sanasokoneze mafayilo.

Dokotala wa impso anali bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo Chichewa chake chinali cha kwathu kummawa. Anabwera tsiku lachitatu ndi mapepala. Anati impso zonse ziwiri zatopa. Kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri kwaziwononga pang'onopang'ono, ndipo mapiritsi a mutu aja ankawonjezera. Zikugwirabe ntchito, koma osati monga kale, n'chifukwa chake madzi akutsalira m'thupi.

Akulu anga anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachifuwa.

"Chabwino, adokotala. Ndiye boolani kumsana monga munachitira uyu, muchotse."

"Mulibe chochotsa, mayi."

"Ngati kabowo n'kochepa, ng'ambani. Ine sindiopa. Ndinang'ambidwapo."

"Ngakhale titang'amba, mulibe chochotsa. Mng'ono wanuyu anali ndi mwala m'nyumba yabwino. Inu ndi nyumbayo imene yakalamba msanga."

Anafotokoza kuti zimene zawonongeka sizibwerera, koma zimene zatsala zikhoza kusungika zaka zambiri. Anatchula mapiritsi a tsiku lililonse, moyo wonse, ngakhale pamene akumva bwino. Anatchula mchere, chidulo, mapiritsi a mutu a pakantemba ndi mankhwala a mizu, zonse kuti azisiye. Ananenanso, mosakweza mawu, kuti zikapitirira kuwonongeka pamafunika makina osefa magazi kangapo pa mlungu, ndipo makina amenewo sapezeka pafupi ndi munda wawo.

Dokotala anapita. Masana amenewo mvula yoyamba inagwa. Fungo la dothi linalowa pawindo, ndipo odwala amene ankatha kudzuka anapita kukaona. Akulu anga sanadzuke.

"Mbewu yanga ili m'thumba kuseri kwa chitseko," anatero. "Sindinaisankhe n'komwe."

"Tiimbira ana, asisi. Adzala."

"Adzala mokhota."

Anatembenukira kukhoma. Ndinatunga madzi ofunda m'beseni, ndinawasambitsa mapazi n'kuwapukuta, chala chimodzichimodzi. Sanawachotse. Pambuyo pake, ali chiyang'anire kukhoma, anati madziwo ndawatenthetsa kwambiri.

Anatuluka patatha masiku asanu, ndi thumba la mapiritsi ndi khadi lawolawo. Bedi lija linali lidakali pafupi ndi khomo, choncho sitinasunthe kalikonse, tinangosinthana. Amuna anga anapitiriza kugona pabalaza.

Nkhondo yaikulu inali ya mchere. Ndinaganiza kuti kuphika miphika iwiri n'kuwazunza, ndiye nyumba yonse inayamba kudya ndiwo zopanda mchere. Ndinkathira anyezi wambiri, tomato, ndimu. Akulu anga ankalawa n'kunena kuti ngakhale pamaliro a munthu wosakondedwa saphika chonchi. Amuna anga sankadandaula. Ankadya mwakachetechete, koma ndinaona kuti akatema nsima ankayamba alowetsa dzanja m'thumba la malaya. Munali bokosi la machesi lodzaza mchere. Tsiku lina ndikuchokera kotunga madzi ndinawapeza awiriwo atakhala pakhonde, bokosi lili pakati pawo, akudya mango aawisi. Kwa zaka zonse za ukwati wathu, aka kanali koyamba kuwaona akugwirizana pa chinthu.

Sindinakalipe. Ndinatenga khadi la akulu anga, n'kukhala pakati pawo, n'kuwawerengera zimene dokotala analemba, ngakhale kuti zambiri sindinkazimva. Kenako ndinauza amuna anga kuti ngati akufuna kuthandiza, ayambe kufunsa kumene kumapezeka makina osefa magazi, chifukwa ndi iwo amene azidzaperekeza alamu awo katatu pa mlungu. Bokosilo sindinalionenso m'nyumba. Ndikukhulupirira kuti linasamukira kuntchito.

Mapiritsi ndinkawapatsa ndekha m'mawa uliwonse, n'kuimirira mpaka atameza. Masiku oyamba ankandiyang'ana ngati ndawatukwana. Mlungu uliwonse tinkapita ku kiliniki kukapimitsa, tikudumpha zithaphwi za m'komboni, iwo ndi ndodo yawo patsogolo. Pofika Khirisimasi mapazi anali ataphwa moti anavala nsapato za kutchalitchi zija. Chaka chimenecho sanatchule zoti sindinawadwazike. Anatchula zoti ndimawadwazika mwankhanza.

Ine ndinabwerera kumsika ndi chigubu cha madzi. Ndinapangana ndi mayi wa nsapato uja kuti ndikapita kuchimbudzi aziyang'anira tebulo langa, iyenso akapita ndiziyang'anira lake. Mpaka lero mbali yanga ya panganoli sindinaigwirepo, chifukwa iye sapita. Ndinamuuza zonse, ndinamuonetsa ndi kabotolo komwe. Anati miyala yanga ndi yokongola.

Akulu anga anabwerera ku Katete mu Febuluwale, atatenga kalata yopita nayo kuchipatala cha kufupi ndi kwawo. Anakapeza chimanga chitadzalidwa mokhota, monga ananenera, koma chinabereka. Papita zaka zitatu tsopano. Impso zawo sizinachire ndipo sizinaipirepo kwenikweni. Amapita kukapimitsa, amamwa mapiritsi, ndipo ndikawaimbira amandiwerengera manambala a bipi ngati zotsatira za mayeso a mwana wawo. Za mchere amati anasiya. Mpongozi wawo amati anachepetsa. Inenso amandijambula kamodzi pachaka, poti dokotala anati miyala imatha kubweranso, ndipo mpaka pano sanapezemo kanthu.

Mwezi watha, Loweruka masana, ndikuchapa, pageti panagogoda mayi amene sindinkamudziwa. Anali wachikulire, atanyamula chikwama pamutu ndi nkhuku m'khwapa. Anagwada n'kupereka moni wa kwathu. Anati ndi wa m'mudzi woyandikana ndi wa akulu anga, ndipo amuuza kuti akafika ku Lusaka afunse nyumba yanga, chifukwa ine ndimadziwa makomo onse a kuchipatala. Anati mwamuna wake anamwalira, ana ali ku Kopa kumigodi, ndipo m'nthiti mwake mwakhala mukupweteka kuyambira nthawi yokolola. Kwawo anamujambula n'kumuuza kuti ndi mwala.

Ndinamulowetsa, ndinamupatsa madzi, kenako ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuimba foni.

"Asisi, mwanditumizira munthu osandiuza?"

"Wafika?"

"Wafika."

"Ndikanakuuza ukanakana?"

"Ayi."

"Nanga ukuimbiranji? Umupatse bulangeti lokhuthala, amamva kuzizira. Ndipo akuopa mpeni, ndiye umuonetse kumsana kwako. Ine ndamuuza, sakundikhulupirira."

Ndinabwerera m'nyumba. Mayiyo anali atakhala pamphepete pa mpando, kapu ili m'manja, madzi asanamwe. Ndinamuuza kuti amalize kapuyo, ndimuthirire ina. Lolemba ndinapempha mayi wa nsapato kuti andigulitsire, ndipo tinakwera basi yoyamba yopita m'tauni.